Chiswe chadya mabuku onse koma Nas chamusiya

Amayi anandiimbira Lachitatu m'mawa ndili pa siteji ndikudikira minibasi, moni osapereka, akuti iwe zinyalala zako zili kuchipinda chakumapetochi ubwere udzatenge, apo ayi ndikolezera mbaula. Apeza munthu wa lendi woti alowe mwezi ukatha. Amayi anga akanena za mbaula sakhala akuseka, nde Loweruka ndinalawirira basi ya ku Blantyre, pofika ku Zingwangwa cha m'ma 2 koloko zinyalala zija zinali zitatulutsidwa kale pakhonde.

Katoni ya mabuku musandifunse. Chiswe chinachita phwando, manotsi a Form 4, mapepala a mayeso akale, zonse dothi lokhalokha. Koma panalinso thiranki yanga yachitsulo ya ku boarding ija, dzina langa lidakalipo ndi penti yoyera, loko anachita dzimbiri mpaka tinachita kuphwanya ndi mpini wa khasu. Nditatsegula fungo lake lokha linandibweza zaka 25 mmbuyo. Makaseti 43, ndawerenga kawiri. Ma CD ambirimbiri opanda makava, ena okalikakalika ngati pansi pa poto. Ndi kope limodzi la hadikava lomwe ndinkalembamo mawu a nyimbo.

Mwayi wake wailesi ya malemu bambo ija, ya makaseti awiri, amayi akumverabe uthenga wa maliro ndi mapemphero a m'mawa. Mbali imodzi inafa kalekale koma inayo ikuzungulirabe bola uzikanikiza kachitseko kake ndi chala. Nde ndinakhala pa mkeka pakhondepo mpaka mdima, chala pa kachitseko, amayi akusankha nyemba uku akundiyang'ana ngati mwana wawo wazungulira mutu kachiwiri.

Yoyamba kuitola inali TDK ya mphindi 60, pakapepala pake panalembedwa ndi bolopeni yofiira kuti NAS ILMATIC, L imodzi. Dzanja limenelo ndi la mnyamata wina wa Form 4 amene ankatijambulira nyimbo mu 1997 ine ndili Form 2, bambo ake ankayendayenda kunja nde iyeyo anali ndi ma CD enieni, ife tinkalipira shuga. Eya shuga, ku boarding shuga ndiye anali ndalama, paketi imodzi kaseti imodzi, ukatero umwa phala lozizira mkamwa milungu iwiri koma uli ndi Nas mthumba.

Illmatic inatuluka mu April 1994, patangotsala mwezi kuti kuno tivote chisankho chija cha matipate, ife tili kalikiliki ndi kampeni osadziwa kuti ku Queensbridge ku New York kamnyamata ka zaka 20 katulutsa chinthu choti anthu azidzakanganabe mpaka lero. Nyimbo khumi basi, yoyambayo sinyimbonso kwenikweni koma malonje, zonse pamodzi mphindi 40 sizikwana bwinobwino. Mlendo woimba naye vesi ndi mmodzi yekha, AZ, pa nyimbo yachitatu, ndipo lipenga lomwe limalira kumapeto kwa nyimbo yomweyo akuliza ndi bambo ake a Nas enieni, a Olu Dara, munthu wa jazz. Mabiti anapanga DJ Premier, Pete Rock, Q-Tip, Large Professor ndi L.E.S., anthu oti ambiri a iwo anali kale madolo paokha koma anasonkhana pa chimbale cha mwana woyamba kumene. Zonsezi ndinadzazidziwa pambuyo pake ndithu, nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti piyano ya N.Y. State of Mind ikayamba tsitsi limandiimirira.

Tsono nkhani ili apa. Kaseti ya mphindi 60 mbali imodzi ndi mphindi 30, ndiye yanga imadukira mkatikati mwa One Time 4 Your Mind, munthu ali pakati pa mawu kenako thapu, batani ladumpha. Ndamvera chimbale chimenechi pa foni kaya kangati zaka zonsezi, koma ikafika pamenepo thupi langa limadikirabe kuti iduke, dzanja limafuna kutembenuza kaseti kulibe. Choseketsa kwambiri ndi mbali B, itatha It Ain't Hard to Tell kunatsala malo ambiri nde mkulu uja posafuna kundibera shuga anadzazamo Mobb Deep, Shook Ones Pt. II ndi Survival of the Fittest, osalemba pakapepala. Ine zaka zinayi zathunthu ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti nyimbo zimenezo zili pa Illmatic, poti nawonso ndi a ku Queensbridge komweko ndipo mdima wake ndi umodzimodzi. Ndinadzaluza kubetcha ku koleji, pagulu, ndikuchita kulumbira pali malemu agogo. Anabweretsa CD yeniyeni. Ndinagula chipisi cha pa chiwaya cha anthu asanu ndili chete. Koma mpaka lero ndimaona ngati Illmatic yanga ndiye yabwino kuposa yawoyo, tsutsani.

Kope la mawu lija ndalitsegula ndaseka mpaka misozi. Kunalibe intaneti yoti ufufuze, unkachita kusindikiza pause, kulemba mzere, kubweza, kumveranso, ndipo kubweza sunkabwezera pa wailesi ayi mabatire angathe, unkalowetsa bolopeni ya Bic pa bowo la kaseti nkumaizunguza mmwamba ngati ukupota chingwe. Mabatire akafooka kuwayanika padzuwa pa malata, ena ankawaluma. Zomwe ndinalemba mmenemo theka si Chingerezi si Chichewa, ndi chilankhulo choti mwini wake Nas atachiona angafunse kuti waimba ndani. Koma tinkaziloweza zomwezo nkumaimba pa variety show molimba mtima, thalauza la pa kaunjika titakhwefula, anthu akutitcha ma yo.

Amayi ndiye anali ndi yawoyawo. Tikati tikupita kokarapa iwo amati chabwino kalapeni, machimo achuluka. Nthabwala imeneyi anainena kwa zaka zisanu osatopa nayo.

Wu-Tang ndinali nayo pa kaseti yakuda yopanda dzina. Enter the Wu-Tang (36 Chambers), ya November 1993. Anthu asanu ndi anayi, RZA akupanga mabiti onse, mawu ake akuda bii ngati anajambulira mchimbudzi, ndipo kwa ife zimenezo sizinali vuto chifukwa kaseti ikajambulidwa kuchokera ku kaseti inzake kachitatu chilichonse chimamveka choncho basi. Chomwe chinatikoka ndi timawu ta mafilimu a kung fu tija. Ife tinakulira mma video show a mtauni, kulipira makobidi kukhala pa benchi kuonera anthu akuuluka, nde kumva anthu a ku Staten Island akutcha kwawo kuti Shaolin tinangoti awa ndi anzathu awa, amaonera zomwe timaonera. Mu hostel aliyense anasankha wake. Ine ndinkafuna kukhala Method Man koma anandikaniza akuti mawu anga ndi opyapyala, anandipatsa Inspectah Deck, ndinakwiya sabata yonse, lero ndikamvera vesi yake pa C.R.E.A.M. ndimaona kuti anandipatsa wabwino osadziwa.

Tupac ndiye sindingamudumphe ngakhale anzanga ena okonda kuoneka ozama amamupeputsa. Kuno Tupac anali paliponse, pa ma barbershop, kumbuyo kwa minibasi, pa malaya, agogo oti sanamvepo nyimbo yake ankadziwa nkhope ndi kampango kake kaja. Ambiri amakonda All Eyez on Me ya 1996, ya ma CD awiri ija, ine ayi, yanga ndi Me Against the World ya 1995. Inatuluka mwini wake ali mndende ndipo inakafika pa nambala 1 ku America iye ali mkati momwemo. Mmenemo simuli kudzitama kwambiri, muli munthu wa mantha, woti akuona imfa ikumuzungulira ndipo sakugona tulo. Atamuwombera ku Las Vegas mu September 1996 nkumwalira patatha masiku asanu ndi limodzi anali ndi zaka 25 zokha. Panopa ndili ndi mphwanga wa zaka zimenezo woti akandipempha ya bandulo ndimamuona ngati khanda. Nthawi ija ndinkaona ngati Tupac ndi chimunthu chachikulu chodziwa zonse.

Dear Mama ndinayesapo kuwamasulira amayi holide ina, ndikufuna andione kuti nyimbo zangazi si zotukwana zokhazokha. Ndinawafotokozera kuti mayi ake, Afeni Shakur, anali mndende ali ndi pakati pa iyeyo, anavutika, anagwapo mu mankhwala ozunguza bongo koma mwana akuwathokozabe. Anamvetsera mpaka kumapeto nkunena kuti mwana wabwino, nanga mbale watsuka? Basi nkhani inathera pomwepo.

Pali CD imodzi yokha mu thirankimo yomwe ndi orijino, ya kava ndi kabuku kake, achimwene anabwera nayo kuchokera ku Joni Khirisimasi ya 1999, The Miseducation of Lauryn Hill. Anagulira chibwenzi chawo, pofika kuno anapeza chinakwatiwa, nde inagwera ine kkkk. Poyamba ndinkaibisa, mnyamata wa Wu-Tang angamvere bwanji mkazi woimba za chikondi. Koma mayi ameneyu amarapa kuposa amuna ambiri omwe ndinkawapembedza, mverani Lost Ones mundiuze. Ndipo muli reggae mkati mwake, zina anakajambulira ku Tuff Gong ku Kingston, nde kwa khutu loti lakulira pa Lucius Banda ndi nyimbo za ku Balaka, kenako Evison Matafale, sizinali zachilendo. Chinatuluka mu 1998, chaka chotsatira anatenga ma Grammy asanu usiku umodzi kuphatikizapo ya chimbale cha chaka, koyamba kuti hip hop itenge imeneyo. Timakonda kuiwala tizigawo ta mkalasi tija, aphunzitsi akuitana mayina iye kulibe, ana akukambirana kuti chikondi nchiyani. Mphunzitsi ameneyo ndi Ras Baraka, amene anadzakhala meya wa Newark. Ichi ndi chimbale chokhacho chomwe mlongo wanga ndi ine sitinalimbiranepo wailesi, ndipo ndikulemba pano wanditumizira kale uthenga kuti CD imeneyo ndi yake. Si yake.

Koma mukandipanikiza kuti tchula chimodzi, osati chomwe uyenera kutchula kuti anthu akulemekeze koma chomwe chinakusintha, ndinena Aquemini ya OutKast, gulu la anyamata awiri. Ya September 1998, dzinalo anaphatikiza nyenyezi zawo, Aquarius ya Big Boi ndi Gemini ya André. Ndinaipeza mochedwa, cha mu 2001, ndipo ulendo woyamba sindinaikonde, ndinkati anthu awa akulankhula bwanji ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Ndi kalankhulidwe ka kwawo ku Atlanta. Nthawi imeneyo hip hop yolemekezeka inali ya New York ndi Los Angeles, a kummwera ankaonedwa ngati achimidzi, mpaka OutKast anawakuwiza pa Source Awards mu 1995 atapambana. Iwo mmalo mosintha lilime kuti amveke ngati a mtauni anangolowa mkati mwa uchimidzi wawowo, kuika harmonica pakati pa nyimbo ya Rosa Parks ngati kuli gule kumudzi, malipenga a SpottieOttieDopaliscious mphindi zisanu ndi ziwiri munthu akungokamba nkhani osathamanga. Mayi Rosa Parks eni ake anawasumira chifukwa cha dzinalo, imeneyo ndi nkhani ina.

Chifukwa chake chimandikhudza ndi ichi, ife tonse tinkarapa ngati tinabadwira ku Brooklyn. Mnyamata wa ku Chilobwe, nsima ya mgaiwa ili mmimba, akutchula misewu yoti sanaiwonepo ndi mfuti zoti sanagwirepo. Ukayesa kuponya mzere mChichewa anzako ankaseka, akuti zikumveka ngati sewero la pa wailesi. Aquemini ndi imene inandiuza kuti lilime lakwanu si chilema. Sindikunena kuti oimba athu anatengera kumeneko, aliyense anadzera njira yake, koma ine pomwe ndinkadzamva Real Elements, kenako Tay Grin akulowetsa za gule wamkulu nkudzitcha Nyau King, Phyzix ndi Chichewa chake cha mma ghetto a ku Lilongwe, Third Eye, Young Kay, Fredokiss, Gwamba, khutu langa linali litakonzeka kale. Chichewa chili ndi kamvekedwe kake, mawu onse amathera pa a e i o u nde kufananitsa mathero nkosavuta, mwana aliyense angathe, chovuta nkupeza chonena ndi kuchipinda kuti munthu abweze kumva kachiwiri. Malemu Martse ankatha zimenezo. Moto uja wa ku Mangochi mu May 2022 unatilanda munthu.

Ndipo apa mpamene thiranki yandipweteka mtima. Nas wa shuga uja alipo, akuimba, zaka 25 ali mu dzimbiri. Koma nyimbo za akwathuwa ndilibe ngakhale imodzi yoti ndingaigwire mmanja. Zinabwera nthawi ya Bluetooth ndi memory card, kupita kwa anyamata obena nyimbo mumsika kuti ndiikireni zatsopano, imodziimodzi, dzina la fayilo lili Track 07 kapena nambala ya foni ya DJ. Foni ija inagwera mu ndowa, ina anandibera mu minibasi, flash inagwidwa virus ku cafe, laputopu inangogona osadzukanso. Pali nyimbo zina za mu 2008 ndi 2009 zomwe ndimaziimba mmutu koma ndasaka paliponse pa intaneti palibe, mwina mwini wake yemwe alibe. Makaseti a kwaya ndi a reggae omwe anthu ankagula kwa O.G. Issa ku Limbe mupeza mnyumba zambiri mpaka lero ali ndi kasitika ka COSOMA, koma hip hop yathu yoyambirira yambiri inangodutsa mmafoni ngati mphepo.

Ma CD obena aja sindikhalitsapo. The Blueprint ya Jay-Z ilipo, yomwe inatuluka pa 11 September 2001 tsiku lomwe ndege zinagunda nsanja zija, mabiti a Kanye West ndi Just Blaze otengedwa ku nyimbo zakale za soul, yabwino kwambiri ngakhale ine pa mkangano wake ndi Nas ndinali kale ndi mbali, shuga wanga anapita kwa Nas. DMX alipo, It's Dark and Hell Is Hot, munthu wouwa ngati galu kenako nkugwada kupemphera mpaka kulira, amayi pempherolo analimva tsiku lina nkuti uyu yekha ndiye akulapadi. Get Rich or Die Tryin' ya 50 Cent ndili nayo makope atatu sindikudziwa chifukwa chake, 2003 yonse inali imeneyo, mma minibasi, mma saluni, ma vest a G-Unit pa kaunjika kukwera mtengo. Ndaiyesa dzulo ndafika nyimbo yachisanu ndatopa. Pepani.

Chomaliza chomwe ndinamvera chonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto osadumpha, kambirimbiri, ndi good kid, m.A.A.d city ya Kendrick Lamar ya 2012, ndipo imeneyo simu thiranki, inali pa flash. Ndi nkhani ya tsiku limodzi ku Compton, mnyamata wabwereka galimoto ya mayi ake, anzake amulowetsa mzoipa, ndipo pakatipakati mayi akumuimbira foni kusiya mauthenga kuti bweretsa galimoto yanga, bambo ali kumbuyo akulalata za madomino awo. Nditamva mauthenga amenewo ndinaseka ndekha chifukwa ndi amayi anga enieni, mawu omwewo a ndikolezera mbaula. Anthu amati To Pimp a Butterfly ndiye yaikulu, anaipanga atabwerako ku South Africa komwe anakaona ndi chipinda cha Mandela ku Robben Island, ndipo DAMN. inamupatsa Pulitzer mu 2018, zonsezo ndavomera, koma ine ndimabwerera kwa mayi ofuna galimoto yawo. Kuchokera pamenepo ndimangomvera nyimbo imodziimodzi ngati wina aliyense, foni ikundisankhira, bandulo ikatha basi.

Tsono Biggie, chimkulu chonenepa cha rap cha ku Brooklyn. Ndamusungira kumapeto dala.

Ready to Die, September 1994, ndinali nayo pa kaseti ya mphindi 90 ndipo inali ya shuga wa mapaketi awiri chifukwa ndi yaitali. Munthu uyu ankakamba nkhani ngati agogo pamoto, mawu olemera koma akuyenda pa biti mopepuka ngati sakuponda pansi, pa Gimme the Loot amachita kukhala anthu awiri akukambirana ndipo ine chaka chonse ndinkati ndi anthu awiridi. Anamupha ku Los Angeles mu March 1997, miyezi isanu ndi umodzi chimwalirire Tupac, chimbale chake chachiwiri chisanatuluke nkomwe. Kaseti imeneyi inasowa holide ya Form 3. Ndinamenya mphwanga chifukwa cha kaseti imeneyi. Ndinasiya kulankhula ndi mnzanga wina wa pa mpanda teremu yonse. Ndiye Loweruka ndikuipeza pansi penipeni pa thiranki, yokulungidwa mu kansalu, timabowo take tapamwamba tija tomwe tinkathyola kuti munthu asajambulepo tili tomatidwa bwinobwino ndi selotepi.

Mbali A ili bwino, Biggie ali momwemo. Ndatembenuza mbali B, ndakanikiza kachitseko, kaphokoso ka mphepo, wina akutsokomola, mwana akulira chapatali, kenako mawu a mzimayi akuti tiyambirenso amayi, alto mukuthamanga. Kwaya ya Mvano. Mphindi 45 zathunthu, akuyeserera nyimbo za ku msonkhano pabalaza pathu pomwe, penapake mpaka mukumveka bambo akufunsa ngati tiyi wapsa.

Ndinawayang'ana amayi. Sanasiye nkomwe kusankha nyemba. Akuti makaseti anali odula nthawi imeneyo, ndipo ako anali ambiri, ndinangotenga ya munthu wonenepa wotukwanayo. Ndinati amayi ndinamenya mwana wanu chifukwa cha kaseti imeneyi, akuti ndinaona, nanga ndikanati chani. Kenako anaimitsa dzanja mu lichero nkuti bweza pang'ono. Ndinatulutsa kaseti, bolopeni inali mthumba, ndinazunguza kangapo nkubwezeramo. Akuti imva, amene akutsogolerayo ndi mayi a kuseri kwa chigayo aja, anatisiya 2004, winayo wa mawu okwerawo ndi mayi busa akale, nawonso anapita. Anawerenga ndi zala, mwa amayi khumi ndi awiri omwe ali mu kasetiyo atsala atatu. Bambo atafunsanso za tiyi sananene kanthu, anangoti bwezanso.

Thiranki ndabwera nayo ku Lilongwe, ili pansi pa bedi, madamu andipatsa mwezi umodzi kuti ndiipezere malo. Makaseti alimo 42. Ready to Die yatsala ku Zingwangwa pamwamba pa wailesi, pansi pa kansalu koluka, ndipo amayi andiimbira dzulo usiku kufunsa kuti kodi mbali inayo, ya wonenepayo, angafufute bwanji poti Lachinayi kuli kwaya.